Za Kusankha Makina Otchetchera Udzu



Mvula ikayamba kugwa kuno ku Nkhotakota m'mwezi wa Disembala, udzu suchedwa kumera, ndipo kufikira m'mwezi wa Epulo sulola munthu kupuma. Pa bwalo limene mwatchetcha lero, masabata awiri asanathe mudzapeza udzu wafikanso m'akakolo. Chifukwa chake dzinja ndiyo nyengo ya anyamata a chikwakwa. Masukulu afuna mabwalo oyera, zipatala ndi maofesi a pa boma chimodzimodzi, ndipo eni nyumba zogona alendo, zimene zandanda m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Chia kufikira ku Dwangwa, safuna kuti mlendo aponde njoka popita kukasamba. Tsono masiku ano anyamata ena atopa nawo ganyu wa tsiku limodzi, nafuna kuti ntchito imeneyi ikhale malonda awo enieni, a mapangano ndi a makina. Ambiri adza kwa ife ndi funso limodzi, kuti, Tigule makina otani? Tiyankha pano poyera, kuti ndi makolo omwe amve, pakuti kawirikawiri ndalama zogulira zichokera m'nkhokwe ya banja lonse.

Tiyambe ndi zimene tinaona ndi maso athu. Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu, wakhama ndi waulemu, anapangana ndi eni malo atatu kuti aziwatchetchera dzinja lonse. Atate ake anagulitsa matumba a mpunga, amake natapa ngongole ku banki mkhonde, ndipo iye ananyamuka ulendo wa ku mzinda. Kumeneko anapeza makina ofiira, onyezimira, a mtengo wotsika kupambana ena onse, nawagula osafunsa munthu. Tsiku limene anafika nawo, ana a m'mudzi anawathamangira ngati kuli ukwati. Masabata atatu zinayenda bwino. Sabata lachinayi, m'mwezi wa Febuluwale, mpeni unagunda chitsa cha mango chobisika mu udzu, injini nizima. Ndipo ataiutsanso, makina onse ananjenjemera ngati munthu wa malungo. Anawatengera kwa makaniko wa pa boma. Mkuluyo anawapendeketsa, nasuzumira kunsi, nati, "Mphwanga, chitsulo chimene chizungulitsa mpeni chapindika. Dzina la makina awa sindinalimvepo chibadwire, ndipo sindidziwa sitolo imene ingakhale nacho chitsulo chake." Anafunsa ku Salima, anafunsa ku Lilongwe, osapeza kanthu. Udzu sunadikire. Eni malo awiri anaitana munthu wina, ndipo mnyamata uja anabwerera ku chikwakwa, ngongole ya amake iri chikhalire. Tsiku lina anatiuza ali wera, nati, "Aphunzitsi, ine ndinagula utoto." Ananena zoona akuluakulu, kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa nkhani imeneyi titolapo mau amene tifuna kuti asaiwalike. Palibe makina osaonongeka. Onse, a mtengo wapatali ndi otchipa omwe, tsiku lawo lidzafika ndithu. Makina okhulupirika ndiwo amene akaonongeka Lachiwiri angathe kubwerera ku ntchito Lachisanu, popeza alipo munthu pafupi wodziwa kuwakonza, ndipo zitsulo zake zipezeka. Zonse zimene tilembe m'munsimu zaima pa mau amenewa.

Choyamba, yang'anani nthaka musanayang'ane makina. Makina oyamba otchetchera kapinga anawapanga Edwin Budding m'chaka cha 1830, pafupi ndi mudzi wa Stroud ku England, ataona makina amene anali kumeta ubweya pamwamba pa nsalu m'nyumba zoombera nsalu. Ndipo mu 1832 a Ransomes a ku Ipswich anayamba kuwapanga ogulitsa. Tatchula izi kuti mudziwe kumene makinawa anabadwira: pa mabwalo osalala, ofewa, opanda chitsa, a kapinga wometedwa sabata ndi sabata. Mabwalo athu ali ndi mchenga, miyala, mizu ya mango, timachulu ta chiswe, ndi udzu umene ufika m'chiuno mwini malo asanaganize zoitana munthu.

Tsono mitundu ya makina imene ingatithandize kuno iri iwiri. Wina ndiwo makina a magudumu anayi, okankha, okhala ndi mpeni wozungulira kunsi kwake. Amenewa ameta mosalala ndi mofanana, ndipo ndiwo afunika pa kapinga wa nyumba za alendo. Koma mu udzu wautali ndi wonyowa atsamwa, injini nizima. Odziwa za kapinga amati pa ulendo umodzi musamete koposa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake. Mtundu wina ndiwo makina opachika pa phewa, a ndodo yaitali, kunsonga kwake kuli mpeni kapena chingwe cha nayiloni. Amenewa alowa mu udzu wautali, m'ngalande, pansi pa mitengo ndi m'mbali mwa mpanda, ndipo anyamulika pa njinga. Koma sameta mosalala, ndipo pa bwalo lalikulu atopetsa msana. Pitani tsono kwa iwo amene mufuna kuwagwirira ntchito, yendani pa mabwalo awo ndi mapazi anu, muwerenge kuti osalala ndi angati, a thengo ndi angati. Ife tiyesa kuti munthu woyamba kumene, amene ntchito zake zambiri ziri za udzu wautali, ayambe ndi makina a pa phewa. A magudumu adze pambuyo, akapeza mapangano a mabwalo a kapinga.

Za kukula kwa ntchito, werengani nokha musanavomere. Makina ambiri a magudumu adula masentimita 46 kapena 53 m'lifupi. Munthu woyenda makilomita 3 pa ola ndi makina a masentimita 46 ameta masikweya mita 1,380 pa ola. Ndipo tikachotsapo kutembenuka, kubwereza m'mphepete ndi kupuma, atsala pafupi ndi 1,000. Bwalo la mpira la mamita 100 m'litali ndi 64 m'lifupi liri ndi masikweya mita 6,400, ndiko kuti ntchito ya tsiku lathunthu. Wovomera mabwalo otere tsiku ndi tsiku ali ndi makina amodzi ang'ono, wavomera kuwapha dzinja lisanathe.

Chachiwiri, pitani kwa makaniko musanapite ku sitolo. Mtima wa makina ndiwo injini, ndipo amene adzaitsegula ikadwala ndiye ayenera kunena mau oyamba. Mufunseni kuti injini zimene anazitsegulapo ndi ziti, ndi kuti pulagi, sefa ya mpweya, kabuleta, chingwe chokoka poutsa injini, ndi mpeni azigula kuti, ndipo zifika masiku angati. Pa makina a magudumu maina omveka ndiwo Honda wa ku Japan ndi Briggs & Stratton wa ku America; pa makina a pa phewa ndiwo Stihl wa ku Germany ndi Husqvarna wa ku Sweden. Sitiwatchula monga owatsatsira malonda, iai. Tiwatchula pakuti ndiwo amene amakaniko ambiri awadziwa. Koma ngakhale dzina lalikulu lisakugonetseni tulo. Mu 2020 a Briggs & Stratton anagwa m'ngongole nagulitsidwa kwa eni ena, ndipo mu 2023 a Honda analeka kupanga makina otchetchera a petulo ku America. Za malonda zisintha. Chotero funsani za makina enieniwo amene ali patsogolo panu, ndi nambala yake.

Mukafika m'sitolo, pemphani wogulitsa aike pa tebulo zinthu zisanu tatchula zija, pamodzi ndi mitengo yake. Akati, "Tidzaitanitsa," kumbukirani mnyamata wa makina ofiira. Penyani nambala yodindidwa pa injini, pakuti alipo makina onyenga olembedwa maina ofanana ndi enieni. Landirani buku la malangizo, ndi risiti yolembedwapo nambala imeneyo ndi miyezi imene sitolo ilonjeza kukonza kwaulere. Ziliponso injini za ku China zopangidwa motsanzira za Honda, zonga zimene alimi a m'madimba apopera nazo madzi. Sitizinyoza zonse, pakuti zina zigwira ntchito ndithu, ndipo zitsulo zake sizisowa. Koma dziwani kuti pa injini ya pampu chitsulo chozungulira chigona chopingasa, pamene pa makina a magudumu chiimirira. Musayese kuti zonse zilowana musanafunse.

Zitsulo zonsezi zichokera kunja kwa dziko. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo maulendo onse awiri mitengo ya katundu wakunja inakwera. Nchifukwa chake tilangiza kuti tsiku logula makina mugulirenso pulagi ziwiri, sefa, chingwe ndi mpeni wachiwiri, muzisunge m'nyumba monga tisunga mbeu. Amene ndalama zake zangokwanira makina okha, popanda izi, ndalama zake sizinakwane.

Chachitatu, yesani thupi la makina. Opanga makina eni ake awasiyanitsa: ena ndi a pakhomo, opangidwira maola ochepa pa sabata, ena ndi a ntchito ya tsiku ndi tsiku, amene injini zake zambiri ziri ndi chitsulo cholimba m'kati mwa silinda. Funsani kuti awa ndi a gulu liti. Gogodani chiwaya chophimba mpeni. Chikakhala cha chitsulo chopyapyala, chinyontho cha kunyanja ndi udzu wonyowa womatirira kunsi zidzachibowola ndi dzimbiri. Cha chitsulo chochindikala chilemera, koma wowotcherera wa pa msika angathe kuchilumikiza chikang'ambika. Cha aluminiyamu sichichita dzimbiri, koma si wowotcherera aliyense achitha. Gwedezani magudumu, muone ngati ali ndi mabering'i, pakuti opanda mabering'i mchenga uwadya msanga, makina nayamba kuyenda chokhota.

Suzumirani kunsi muone mpeni. Pa makina ena mpeni uli chitsulo chimodzi chachitali chomangidwa pa injini penipeni, kotero kuti ukagunda chitsa, nkhonya yonse ilowa m'injini. Pa ena, makamaka a mtundu wa ku Australia monga Victa, amene Mervyn Victor Richardson anayamba kuwapanga ku Sydney mu 1952, pali mbale yozungulira, ndipo pa mbaleyo pamangidwa timipeni tating'ono timene tikagunda chinthu cholimba tipinda m'mbuyo. Pa mabwalo athu a zitsa ndi mizu, mtundu wachiwiriwu uteteza injini kopambana. Makina odziyendetsa okha apeputsa miyendo, komatu ali ndi lamba ndi magiya, ndizo zinthu zina zoonjezera zoti zithyoke. A magetsi a chingwe amangirira munthu pafupi ndi nyumba, ndipo magetsi akazima ntchito yaima. A batire alibe phokoso, ndipo alendo ogona awayamika; koma batire litha bwalo lalikulu lisanathe, ndipo latsopano ndi la mtengo wapatali.

Nanga makina ogwiritsidwa kale ntchito? Sitiletsa, pakuti akale a dzina lodziwika kawirikawiri aposa atsopano osadziwika. Koma pitani ndi makaniko, ndipo pemphani kuti injini iutsidwe iri yozizira, pamaso panu. Pa makina a magudumu utsi wobiriwira usonyeza kuti injini iri kudya oyilo. Kunjenjemera kwakukulu kusonyeza mpeni kapena chitsulo chopindika. Oyilo wa mchenga kapena wooneka ngati mkaka asonyeza mwini wosasamala. Safunsa anadya phula.

Chachinayi, dziwani chakudya cha makina anu. Injini zambiri za makina a magudumu zimwa petulo payekha ndi oyilo payekha. Injini zambiri za makina a pa phewa zifuna petulo wosakaniza ndi oyilo wake wapadera: pa makina a Stihl muyeso uli gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, ndiko kuti mamililita 100 pa malita 5. Makina ena afuna oyilo wochulukirapo, ndipo buku lake linena. Woiwala oyilo ameneyu, injini yake igwirana msanga, ndipo kawirikawiri siukanso.

Pali chinanso chimene ife a boma lino tiyenera kuchidziwa bwino kuposa ena. Petulo wa m'dziko lathu asakanizidwa ndi ethanol, ndipo ethanol ameneyu wayamba kupangidwa ku Dwangwa komwe kuno ndi a Ethanol Company kuyambira mu 1982, kuchokera ku zotsalira za nzimbe popanga shuga. M'galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku savuta. Koma ethanol akoka madzi a mu mpweya, ndipo petulo akagona m'thanki ya makina ang'ono kupitirira mwezi, aonongeka, natseka timabowo ta kabuleta, naumitsa timapaipi. Ambiri asunga makina m'mwezi wa Meyi ali amoyo, nawapeza mu Disembala osauka, namuneneza wogulitsa, pamene cholakwa chiri chawo. Mvula ikatha, khuthulani petulo yense, muutse injini kufikira izime yokha. Ndipo pa nyengo za kusowa kwa mafuta, monga zija za mu 2022 ndi 2024, chenjerani naye petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu. Zinyalala zisefeka ndi nsalu yoyera, koma parafini wosakanizidwamo sasefeka.

Opanga injini ambiri alamula kuti oyilo woyamba asinthidwe patapita maola 5, ndipo pambuyo pake maola 50 alionse, kapena msanga koposa pa malo a fumbi. Kwa munthu wa pakhomo maola 50 ndi chaka. Kwa inu otchetcha maola 6 pa tsiku, sakwana masabata awiri. Yesani oyilo m'mawa uliwonse. Madzulo alionse tsegulani sefa ya mpweya, pakuti mdani wamkulu wa injini kuno ndiye mchenga: ya pepala igogodeni pang'ono, osaichapa, ya siponji ichapeni ndi sopo, iume, muidonthezere oyilo pang'ono. Musautse injini yopanda sefa ngakhale ola limodzi. Palani udzu womatirira kunsi kwa chiwaya. Nolani mpeni ndi tupa sabata ndi sabata, mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo muupachike pa msomali pakati pake. Ukapendekera mbali imodzi, mbali imeneyo yalemera. Popendeketsa makina, mbali ya sefa ikhale kumwamba, kuti oyilo asalowemo.

Chachisanu, sungani moyo ndi ndalama. Mpeni wa makina a magudumu uzungulira pafupifupi maulendo 3,000 pa mphindi imodzi, ndipo mwala umene waugunda uuluka ngati wa legeni. Musanautse injini, yendani pa bwalo lonse mutole miyala, mawaya ndi mabotolo, ndipo pa chitsa chilichonse muzikepo kamtengo. Ana, amene athamangira phokoso, akhale kutali mamita 15. Valani nsapato zolimba ndi magalasi otchinga maso. Za patapata zisiyeni kunyumba. Musathire petulo m'injini yotentha. Ndipo musanagwire mpeni ndi dzanja, zulani chipewa cha pulagi, pakuti injini ingathe kudzuka mpeni ukatembenuzidwa.

Ndalama za tsiku musaziyese zonse phindu. Zigaweni panayi: za petulo ndi oyilo, za kukonzetsa, za kudzagulira makina ena awa akakalamba, ndipo zotsala ndizo za pakhomo. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu Juni, mwera ukamaomba, kufikira mu Novembala, udzu sukula kwenikweni, koma ngongole sigona chilimwe. Chotero popangana ndi mwini malo, pemphani pangano la chaka chathunthu la malipiro a pa mwezi, kuti m'chilimwe muzidulira mipanda, kuthirira ndi kusamala maluwa. Mbale akadza kudzabwereka makina, musamukanize thandizo, koma pitani nokha mukamutchetchere. Pakuti wobwereka sadziwa kumene kuli zitsa za m'bwalo lake lomwe, ndipo makina akafa, chibale chidwala nawo pamodzi. Potsiriza, chikwakwa chanu musachitaye. Chikhale chonoledwa kuseri kwa chitseko, kuti tsiku limene makina ali kwa makaniko, pangano lanu lisagwe. Mwini malo aiwala msanga kuti munameta ndi chiyani, koma saiwala kuti simunabwere.

Inu makolo, mwana akadza kudzapempha ndalama za mpunga kuti agule makina, musamukanize msanga, ndipo musamupatse msanga. Mufunseni kuti wayenda pa mabwalo angati, walankhula ndi makaniko uti, ndipo zitsulo adzazigula kuti. Akayankha bwino zitatuzi, muthandizeni ndi mtima wonse.

Mnyamata wathu uja anabweza ngongole ya amake ndi chikwakwa, pang'onopang'ono, mpaka chilimwe. Chaka chotsatira anayamba wapita kwa makaniko yemwe uja, amene anamulembera maina awiri pa kapepala, napita naye yekha kukaona makina a pa phewa ogwiritsidwa kale ntchito. Amenewo ali kugwira ntchito kufikira lero, ndipo mmodzi mwa eni malo aja anamuitananso. Makina ofiira aja ali kuseri kwa nyumba ya amake, ndipo nkhuku iikira mazira pansi pake.

Mwezi wa mawa tidzakamba za kabzalidwe ka kapinga pa nthaka ya mchenga, ndi za nyengo yoyenera kumuwokera.